Mafunso ndi mayankho: kuyendetsa loop pa array yosadzaza

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amafunsa mobwerezabwereza, makamaka amene akugwiritsa ntchito C, C++ ndi Java, momwe kukula kwa array kumakhazikika pa nthawi imene mwaipanga. Array ndi mndandanda wa malo otsatana osungiramo zinthu, ndipo loop ndi code imene imabwereza ntchito imodzi, monga kuyendera malowo. Tayamba ndi mafunso osavuta.

Kodi array yosadzaza ndi chiyani?

Ndi array imene ili ndi malo ambiri kuposa zinthu zimene mwaikamo. Mukalemba `int malikisi[100];` mu C, kapena `new int[100]` mu Java, kompyuta imapatula malo okwana 100 nthawi yomweyo, ngakhale musanalembemo kanthu. Ngati ophunzira amene alemba mayeso alipo 37 okha, malikisi awo adzakhala pa malo oyambira 0 mpaka 36, ndipo malo 63 otsalawo adzangokhala. Kutero si kulakwitsa, chifukwa nthawi zambiri sitidziwiratu kuti zinthu zibwera zingati, choncho timapatula malo okwanira n'kumadzaza pang'onopang'ono.

Chofunika n'kusiyanitsa manambala awiri: kukula kwa array, komwe pano ndi 100, ndi chiwerengero cha zimene zilimo, chomwe ndi 37. Zili ngati kope la masamba 100 lomwe mwalembamo masamba 37 okha. Wofuna kuwerenga zimene mwalemba ayenera kudziwa pomwe munalekezera, ndipo array yeniyeniyo sisunga nambala imeneyi. Amene ayenera kuisunga ndi wolemba pulogalamu.

N'chifukwa chiyani loop yanga ikusindikiza maziro ambirimbiri kapena manambala achilendo?

Chifukwa ikuyenda mpaka kumapeto kwa array m'malo moima pomwe zinthu zanu zathera. Zimene muzione pa malo osadzazawo zimadalira chilankhulo chimene mukulembera.

Java imayeretsa array iliyonse yatsopano. Ya manambala imadzazidwa ndi 0, ya boolean imadzazidwa ndi false, ndipo ya ma object, kuphatikizapo String, imadzazidwa ndi null. N'chifukwa chake loop yoyenda pa array ya mayina imasindikiza mayina enieni bwinobwino kenako n'kuyamba kusindikiza null, kapena kugwa ndi NullPointerException mukangoitana method pa malo opanda kanthu.

C simayeretsa array imene mwaipanga mkati mwa function popanda kuipatsa zoyambira. M'malo mwake mumatsala zilizonse zimene zinali mu memory, ndipo malamulo a chilankhulochi salonjeza chilichonse pa zimene mungawerengemo. Pulogalamu ikhoza kuoneka yolongosoka pa kompyuta ina n'kusokonezeka pa ina. Ma array a global ndi a static okha ndi amene amayamba ndi ziro paokha. Komabe maziro aukhondo a Java nthawi zina amapusitsa kwambiri kuposa manambala achilendo a C, popeza nambala yaikulu yosamveka imaonekeratu kuti njolakwika, pomwe 0 amaoneka ngati malikisi enieni.

Nanga loop yolondola imalembedwa bwanji?

Sungani variable ina yowerengera zimene mwaikamo, iyambire pa 0, ndipo loop iliyonse iziimira pa variable imeneyo.

```
int[] malikisi = new int[100];
int chiwerengero = 0;

if (chiwerengero < malikisi.length) {
    malikisi[chiwerengero] = atsopano;
    chiwerengero++;
}

for (int i = 0; i < chiwerengero; i++) {
    System.out.println(malikisi[i]);
}
```

Onani kuti chiwerengero chikugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chikunena kuti muli zinthu zingati, komanso chikuloza malo oyamba opanda kanthu, pomwe chinthu chotsatira chidzalowe. Mukakhala ndi zinthu 37, chomaliza chili pa 36 ndipo chatsopano chidzapita pa 37. Zimenezi zimatheka pokhapokha ngati mukusunga lamulo limodzi nthawi zonse, loti malo onse kuyambira 0 mpaka nambala yotsogolera chiwerengero (36 ngati chiwerengero ndi 37) akhale odzaza, popanda mpata pakati. Pafupifupi mayankho onse otsatirawa akuchokera pa lamulo limeneli.

Kodi ndilembe `i < chiwerengero` kapena `i <= chiwerengero`?

Lembani `i < chiwerengero`. Mukalemba `<=`, loop idzawerenganso malo amodzi opanda kanthu. Choopsa n'chakuti pa array yosadzaza kulakwitsa kumeneku kumabisala, chifukwa malo owonjezerawo alipodi mu array, ndiye Java sidandaula. Mumangopeza 0 mmodzi wosadziwika kumapeto kwa zotsatira. Pulogalamu imadzagwa ndi ArrayIndexOutOfBoundsException tsiku limene array yadzaza yonse, ndipo mwina pamakhala patapita nthawi yaitali chilembereni code imeneyo.

Edsger Dijkstra analemba kalata yaifupi mu 1982 yofotokoza ubwino wowerenga kuyambira pa 0 n'kusaphatikiza malire omaliza. Ubwino umodzi ukuonekera pomwe pano: chiwerengero chikakhala 0, loop siyamba n'komwe, ndipo simufunika kuwonjezera `if` wapadera wa array yopanda kanthu.

Bwanji osangogwiritsa ntchito `length` kapena `sizeof`?

Zonse ziwirizi zimanena za kukula kwa array, osati za zimene zilimo. Mu Java, `malikisi.length` idzakhala 100 kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mu C, `sizeof(malikisi) / sizeof(malikisi[0])` imaperekanso 100, ndipo ikalembedwa mkati mwa function imene yalandira array ngati parameter imapereka nambala yopanda tanthauzo, popeza pamenepo chimene function yalandira ndi pointer chabe. Ntchito yoyenera ya kukula kwa array ndi kuona ngati malo akadalipo musanaikemo chinthu china.

Kodi loop ya for-each ingagwire ntchito pa array yotere?

Yokha singagwire. Loop ya mtundu wa `for (int m : malikisi)`, yomwe inabwera mu Java 5 komanso mu C++11, imayendera malo onse a array chifukwa sidziwa za chiwerengero chanu. Ngati mukuifunabe, ipatseni gawo lodzazalo lokha. Mu Java, `Arrays.copyOf(malikisi, chiwerengero)` imapanga array yatsopano yokwana ndendende, koma imakopera zonse, pomwe `Arrays.stream(malikisi, 0, chiwerengero)` imayendera gawolo osakopera. Mu C++20 muli `std::span`, ndipo mu C# muli `Span<T>` ndi `ArraySegment<T>`, zomwe zimaloza gawo la array popanda kupanga ina. Pa ntchito wamba, loop ya `for` yokhala ndi index ndi imene imamveka msanga kwa wowerenga.

Bwanji osangoima ndikakumana ndi 0 kapena null, m'malo mosunga chiwerengero?

Njira imeneyi ilipo ndipo ndi yakale. Nambala kapena chizindikiro choimikira loop chimatchedwa sentinel. Mawu onse a mu C amasungidwa motero, ndi `'\0'` kumapeto, ndipo `argv` imene function ya `main` imalandira imathera ndi pointer ya null. Choncho sitinganene kuti njirayi njoletsedwa. Komabe ili ndi zofunika zitatu zimene ambiri amaiwala.

Choyamba, sentinel isakhale chinthu chimene chingapezeke m'zinthu zenizeni. Wophunzira akhoza kupeza malikisi 0, ndipo loop yoima pa 0 idzataya malikisi ake pamodzi ndi a onse omutsatira. Ena amasankha -1, zomwe zimathandiza pa malikisi, koma sizingathandize pa muyeso wa kutentha ndi kuzizira, pomwe -1 ndi nambala yeniyeni. Chachiwiri, payenera kutsala malo a sentinel nthawi zonse, kutanthauza kuti array ya malo 100 ingasunge zinthu 99 zokha. Ikadzaza yonse, loop imapitirira malire kufunafuna chizindikiro chimene kulibe, ndipo mu C imangopitiriza kuwerenga memory ya zinthu zina. Chachitatu, kuti mudziwe kuti muli zinthu zingati mumayenera kuwerenga kuyambira pachiyambi nthawi iliyonse. N'chifukwa chake kulemba `i < strlen(mawu)` mu loop kukhoza kuchedwetsa pulogalamu pa mawu aatali, popeza `strlen` imayambiranso kuwerenga pa ulendo uliwonse pokhapokha compiler itaona kuti zotsatira zake sizisintha.

Pa zifukwa zimenezi, pamene muli ndi ufulu wosankha, chiwerengero n'chodalirika kuposa sentinel. Ngati mwakakamizika kugwiritsa ntchito sentinel, ikani malire onse awiri, ndipo a kukula ayambe: `i < malikisi.length && malikisi[i] != -1`.

Avareji, nambala yochepetsetsa ndi kusanja zikundipatsa zolakwika ngakhale loop yosindikiza ili bwino. Vuto lili pati?

Vuto ndi lomwe lija, kungoti labisala pa mzere wina. Tiyerekeze kuti mu array ya malo 100 mwaikamo 70, 80 ndi 90. Kuphatikiza kumapereka 240 ngakhale loop itayenda malo onse, chifukwa maziro sawonjezera kanthu, ndipo zimenezi zimachititsa munthu kuganiza kuti zonse zili bwino. Koma mukagawa ndi `length` mumapeza 2.4 m'malo mwa 80. Gawani ndi chiwerengero, ndipo muyambe mwaona ngati chiwerengerocho si 0. Mu Java kugawa int ndi 0 kumagwetsa pulogalamu ndi ArithmeticException, pomwe kugawa 0.0 ndi 0 kumapereka NaN, chizindikiro choti yankho si nambala, mwakachetechete.

Pofuna nambala yochepetsetsa, loop yoyenda malo onse imayankha 0 m'malo mwa 70. Yambani ndi `malikisi[0]` ngati yochepetsetsa yongoyembekezera, mutatsimikiza kuti array ili ndi kanthu, kenako loop iyambire pa 1 n'kuima isanafike pa chiwerengero.

Kusanja ndiye kumawononga kwambiri. `Arrays.sort(malikisi)` imasanja malo onse 100, maziro 97 n'kubwera kutsogolo, ndipo 70, 80 ndi 90 amakankhidwira pa malo 97, 98 ndi 99. Zikatero ngakhale loop yanu yolondola ija imasindikiza 0, 0, 0, chifukwa lamulo loti zinthu zikhale koyambirira laphwanyidwa. Pa array ya String yokhala ndi null, kusanja koteroko kumagwa ndi NullPointerException. Gwiritsani ntchito `Arrays.sort(malikisi, 0, chiwerengero)` mu Java, `std::sort(malikisi, malikisi + chiwerengero)` mu C++, ndipo mu C muipatse `qsort` chiwerengero osati kukula. `Arrays.binarySearch` nayonso ili ndi mtundu wolandira malire, ndipo ndi umene uyenera kugwiritsidwa ntchito pano.

Ndikamatumiza array ku function ina, ndipange bwanji?

Tumizani array pamodzi ndi chiwerengero chake, mwachitsanzo `double avareji(int[] malikisi, int chiwerengero)`. Function yongowerenga sifuna zoposa pamenepa.

Function yowonjezera kapena kuchotsa zinthu ndi imene imafuna kusamala. Mu Java ndi mu C, int imatumizidwa ngati kope lake, choncho `chiwerengero++` wa mkati mwa function sasintha chiwerengero cha amene waiitana. Chinthu chatsopanocho chimalowadi mu array, koma kunja sichioneka, ndipo chotsatira chimadzalembedwa pamwamba pake. Mukhoza kubweza chiwerengero chatsopano ndi `return`, kapena mu C kutumiza pointer yake. Njira yabwino koposa ndi kumanga ziwirizi pamodzi mu struct kapena mu class, kuti code yonse yosintha chiwerengero ikhale pamalo amodzi ndipo wina asathe kusintha array n'kuiwala chiwerengero.

Ndichotsa bwanji chinthu chimene chili pakati?

Kulemba 0 kapena null pamalopo sikuchotsa, kumangosiya mpata. Ngati dongosolo la zinthu lili lofunika, sunthirani kumanzere zonse zotsatira, kenako muchepetse chiwerengero, monga mu code iyi, momwe `k` ndi malo a chinthu chimene mukuchotsa.

```
for (int j = k; j < chiwerengero - 1; j++) {
    malikisi[j] = malikisi[j + 1];
}
chiwerengero--;
```

Ngati dongosolo silofunika, tengani chinthu chomaliza n'kuchiika pa malo a chimene mukuchotsacho, kenako muchepetse chiwerengero. Imeneyi ndi yachangu chifukwa imasuntha chinthu chimodzi chokha ngakhale array itakula motani. M'njira zonse ziwiri, nambala yakale imatsalira kuseri kwa chiwerengero, ndipo ilibe vuto malinga ngati palibe loop yofikako. Pa array ya ma object mu Java ndi bwino kuikapo null pamalo otsalirawo, kuti garbage collector ithe kumasula memory ya object imene simukuifunanso.

Nanga kuchotsa zinthu loop ili mkati moyenda?

Apa ambiri amadumpha zinthu mosadziwa. Tiyerekeze kuti muli ndi 40, 30, 20, 90 ndipo mukuchotsa zonse zosakwana 50. Pa `i` wa 0 mwachotsa 40, zotsala n'kusunthira kumanzere kukhala 30, 20, 90. Loop ikupita pa `i` wa 1, pomwe tsopano pali 20, ndipo 30 wapulumuka osayesedwa n'komwe.

Mukhoza kuyenda chobwerera kuchokera kumapeto, kapena kusawonjezera `i` pa ulendo umene mwachotsa chinthu. Oyenda chobwerera mu C ndi C++ asamale ndi `size_t`, chifukwa siikhala yochepera 0, kotero `i >= 0` imakhala yoona mpaka kalekale, ndipo chiwerengero chikakhala 0, kuchotsapo 1 kumapereka nambala yaikulu kwambiri. Njira imene timaikonda ndi ya ma index awiri, ina yowerengera ndi ina yolembera, chifukwa imadutsa mu array kamodzi kokha ndipo imasunga dongosolo.

```
int polemba = 0;
for (int powerenga = 0; powerenga < chiwerengero; powerenga++) {
    if (malikisi[powerenga] >= 50) {
        malikisi[polemba] = malikisi[powerenga];
        polemba++;
    }
}
chiwerengero = polemba;
```

Array ikadzaza ndichite chiyani?

Muli ndi zosankha ziwiri zoyenera: kukana chinthu chatsopanocho n'kudziwitsa woitana momveka, kapena kupanga array yokulirapo n'kukoperamo zakale. Chosayenera ndi kutaya chinthucho mwakachetechete, kapenanso kulemba kupitirira malire, komwe mu C kumawononga memory yoyandikana nayo ndipo ndi gwero la mavuto ambiri a chitetezo cha mapulogalamu.

Pokulitsa, musawonjezere malo amodzi okha nthawi iliyonse, chifukwa mudzakhala mukukopera array yonse pa chinthu chilichonse chatsopano. Chulukitsani kukula kwake, mwachitsanzo kawiri, kuti kukopera kuzichitika mwa apo ndi apo.

Kodi si bwino kungogwiritsa ntchito ArrayList kapena vector?

Pa mapulogalamu ambiri, inde. ArrayList ya Java, `std::vector` ya C++ ndi `List<T>` ya C# ndi array yosadzaza yomweyi, yomangidwa pamodzi ndi chiwerengero chake ndiponso yodzikulitsa yokha. Loop ya for-each imaima pa malo oyenera, ndipo `size()` kapena `Count` zimanena zimene zilimo. Komabe kusiyana kwa manambala awiri aja sikunathe. Mu C++, `reserve(100)` imapatula malo koma `size()` imakhalabe 0, ndipo kuwerenga `v[5]` pamenepo n'kulakwa, pomwe `std::vector<int> v(100)` imapanga zinthu 100 za ziro, kotero `push_back` yotsatira imaika chinthu pa malo a 100 osati pa 0.

Array wamba ikufunikabe m'zipangizo zing'onozing'ono za memory yochepa, mu C momwe mulibe vector, ndiponso powerenga mafayilo ndi netiweki, monga funso la buffer m'munsimu likufotokozera.

Kodi vutoli limapezekanso mu Python, JavaScript ndi Go?

List ya Python imakula yokha, choncho mukamagwiritsa ntchito `append` vutoli silibuka. Limabwera mukapangiratu malo ndi `[None] * 100`. Zikatero yendani ndi `range(chiwerengero)`, kapena ndi `malikisi[:chiwerengero]` yomwe imapanga list yatsopano, kapena ndi `itertools.islice` yomwe sikopera. Slice ya Go imasunga yokha manambala onse awiri, `len` ndi `cap`, ndipo `range` imaima pa `len`. Mukalemba `make([]int, 0, 100)` mumapeza malo 100 osungidwa koma opanda chinthu, pomwe `make([]int, 100)` imakupatsani maziro 100.

JavaScript ili ndi khalidwe lakelake. `new Array(5)` imapanga array ya `length` 5 yokhala ndi mipata yeniyeni, ndipo kulemba `a[10] = 1` pa array yopanda kanthu kumakweza `length` kufika 11. Method ya `forEach` imadumpha mipatayo, koma `for...of` ndi `for` wamba zimayendera malo onse n'kupereka undefined. Ma loop awiri pa array imodzi akhoza kuyenda maulendo osiyana, choncho ndi bwino kudzaza ndi `push` kuti mipata isakhalepo.

Kodi buffer yowerengera fayilo kapena netiweki nayonso ndi array yosadzaza?

Inde, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imakhudza ngakhale akatswiri. Mukapereka buffer (array yolandirira zimene zikuwerengedwa) ya ma byte 4096 ku `read` kapena `fread` mu C, kapena ku `InputStream.read` mu Java, palibe lonjezo loti idzadzaza. Nambala imene function imabweza ndiye chiwerengero chanu, ndipo iyenera kusungidwa n'kugwiritsidwa ntchito ngati malire. Wolemba buffer yonse m'malo mwa gawo lowerengedwalo amapeza fayilo yake ili ndi zotsalira za ulendo wapitawo kumapeto. Kumbukiraninso kuti `InputStream.read` imabweza -1 fayilo ikatha, ndipo `read` ya C imabweza -1 pakachitika vuto, choncho nambalayi iyesedwe isanalowe mu loop.

Chiwerengero chochokera kunja kwa pulogalamu sichiyenera kukhulupiriridwa chisanayesedwe. Vuto la Heartbleed, lomwe linalengezedwa mu 2014 mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga a pa intaneti, linali la mtundu umenewu. Uthenga unkanena kutalika kwake, pulogalamu n'kukhulupirira nambalayo osaiyerekeza ndi zimene zafikadi, kenako n'kubweza memory yofika pafupifupi ma kilobyte 64 pa pempho limodzi, momwe munkatha kupezeka zinsinsi za anthu ena.

Bwanji ngati malo odzaza sali motsatana?

Pamenepo chiwerengero chokha sichikwanira, chifukwa lamulo la kusakhala ndi mpata silikugwira ntchito. Ngati malo a chinthu ali ndi tanthauzo, monga mipando yokhala ndi manambala, loop iyenera kuyendera kukula konse n'kumayesa malo aliwonse, pogwiritsa ntchito null kapena array ina ya boolean yosonyeza malo odzaza. Ngati malo odzaza ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula, map imasunga memory ndi nthawi.

Palinso circular buffer, momwe zinthu zimayambira pakati n'kuzungulira kubwerera koyamba. Imeneyi imasunga poyambira ndi chiwerengero, ndipo loop imawerenga `a[(poyambira + i) % kukula]`, `i` akuyenda kuchokera pa 0 mpaka asanafike pa chiwerengero. Pa array ya mizere ndi mizati, sungani chiwerengero cha mizere yodzaza ndi cha mizati yodzaza, kapena cha mzere uliwonse ngati mizereyo ili yosiyana kutalika.

Ndingatsimikize bwanji kuti loop yanga ili bwino?

Iyeseni ndi array yopanda kanthu, ya chinthu chimodzi, yotsala malo amodzi kuti idzaze, ndi yodzaza yonse, kenako muyese kuwonjezera china pa yodzazayo. Poyesa, chepetsani kukula kufika pa 3 kapena 4 kuti kudzaza kuchitike msanga. Ndi bwinonso kudzaza kaye malo onse ndi nambala yoonekera patali monga -999 musanaikemo zinthu zenizeni, chifukwa ikangotulukira pa zotsatira mudzadziwa kuti loop ina yadutsa chiwerengero. Olemba C ndi C++ angagwiritse ntchito AddressSanitizer, yomwe imagwira kuwerenga kunja kwa array, komanso Valgrind, yomwe imachenjeza pulogalamu ikadalira memory ya `malloc` yosalembedwamo kanthu. Dziwani kuti pa array wamba AddressSanitizer siona kuwerenga kodutsa chiwerengero koma kokhalabe mkati mwa array, popeza malowo ndi anu ndithu, choncho mayeso a nambala yoonekera aja ndi amene amagwira vuto limenelo.